Kuyezetsa khansa ya kumtundu: mmene kiliniki ya ma gene inatithandizira ine ndi asisi

Ndakhala ndikufuna kulemba izi kuyambira mwezi wathawu koma mtima sumakhala m'malo, pano nde ndakhazikika pang'ono. Ndikulemba za kiliniki yoona matenda a kumtundu, oyenda mu ma gene omwe timatengera kwa makolo, yomwe inatithandiza ine ndi asisi anga. Dzina sinditchula poti pali zina zomwe ndidandaule mmusimu ndipo sindikufuna zioneke ngati ndikunyoza anthu oti mbali yaikulu anatigwira bwino. Kwa ofuna zachidule, ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo zinayi zonsezo ndi za mayi wa uphungu amene anakhala nafe pansi magazi asanatengedwe. Kutenga magaziko sikunathe olo mphindi 5. Ntchito yeniyeni inali ya masabata a m'mbuyo mwake, ndipo ndi imene ndikufuna muimvetse musanapite.

Asisi anapezeka ndi khansa ya m'mawere ali ndi zaka 41. Ineyo ndili ndi zaka 37 ndipo ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 12. Dokotala wawo wa khansa ndi amene anati zaka 41 zachepa, pitani mukaonane ndi a za ma gene, koma asisi anakana kwamtuwagalu, anati ndatopa nazo zipatala, opaleshoni ndachita chemo ndamaliza mundisiye ndipume. Sindinawaumirize, nanga ndimaona mmene thupi linathera. Nde ndinangoti basi ndipita ndekha, amene sanadwale ndine, amene akufunika kudziwa ndine, iwowo khansa anaiona kale. Ndinaimba foni ndili ndi maganizo amenewo ndipo anali olakwika, mumva chifukwa chake.

Pa foni anandilandira bwino koma apointimenti anandipatsa ya masabata 5 kutsogolo, zimene panthawiyo zinandinyansa kwambiri chifukwa munthu ukakhala ndi mantha sabata imodzi imatalika ngati mwezi. Anandiuza kuti alangizi a za ma gene ndi ochepa nde mzere umakhala wautali. Tsiku lomwelo ananditumizira fomu pa imelo ya mbiri ya banja, masamba 4, ndipo apa ndidandauleko, fomuyo inalembedwa ngati olembawo akulembera madokotala anzawo, mawu ena ndinachita kufufuza pa intaneti kuti ndidziwe akufunsa chani. Koma masabata 5 aja kunena zoona ndinawagwiritsa ntchito onse chifukwa zomwe amafuna sizoti ungakhale pansi madzulo amodzi nkulemba. Amafuna mibadwo inayi, agogo mbali zonse ziwiri, makolo ndi abale awo, ife ndi ana athu, asuweni omwe. Pa aliyense amene anadwalapo khansa amafuna kudziwa inayambira chiwalo chiti, anali ndi zaka zingati pamene imapezeka, ngati linali bere ndi limodzi kapena onse awiri, ndipo ngati anamwalira anali ndi zaka zingati. Olo omwe sanadwale amafuna zaka zawo, chifukwa mayi amene wafika zaka 80 osadwala nayenso akunena kanthu.

Ine ndinadzaza mbali ya amayi bwinobwino mpaka agogo, kulibe khansa olo mmodzi, mbali ya abambo ndinangolemba mwachidule poganiza kuti nkhani ya mawere ikukhudzana bwanji ndi abambo. Tsiku la apointimenti mlangizi uja atangoona fomuyo chinthu choyamba kufunsa chinali chomwecho. Anati mayi, kuchimuna kuno mwasiya mipata yambiri, tiyeni tiyambire kumeneko. Nde ndinafotokoza kuti abambo anamwalira ndi khansa ya prostate, inapezeka ali ndi zaka 63 itafalikira kale m'mafupa, komanso azakhali, mlongo wawo wa abambo, anamwalira ndi khansa ya m'mimba ali m'zaka za m'ma 50. Apo anaika cholembera pansi nkundifunsa kuti m'mimba pati. Ndinalibe yankho, ife timangoti ya m'mimba basi. Anandifotokozera modekha kuti m'mimba muli chifu, muli matumbo, muli chiberekero, khomo la chiberekero, timatumba ta mazira, ndipo kwa iwo chilichonse chikuloza kwina. Khansa ya khomo la chiberekero imabwera ndi kachilombo ka HPV, siiyenda kumtundu, nde olo azakhali atatu akanadwala imeneyo sizikanawasuntha. Ya m'matumbo ndi ya mkati mwa chiberekero zikamapezeka banja limodzi amaganizira Lynch syndrome yomwe ndi nkhani ya ma gene ena monga MLH1 ndi MSH2. Koma ikakhala ya timatumba ta mazira, pamodzi ndi ya bere pa zaka 41 ndi ya prostate yolusa chonchija, maso awo amapita pa ma gene awiri otchedwa BRCA1 ndi BRCA2.

Ananditumiza kuti ndikafufuze. Ndinaimbira msuweni wanga, mwana wa azakhaliwo, sitinayankhulane zaka ndithu nde kuyamba nkhani ndi funso loti mayi anu anafa ndi chani kwenikweni kunali kovuta, ndinayamba ndapepesa kaye. Mwamwayi anali anasunga mapepala a kuchipatala mu envulopu, anandijambulira pa WhatsApp, ndipo panalembedwa kuti inali ya timatumba ta mazira, zaka 54. Pepala lakale limenelo linasintha zonse. Nde ngati mukukonzekera zimenezi chonde musadalire zokumbukira zokha, funsani akuluakulu omwe alipo, sakani malipoti a ku labu, makadi akale, kalata ya imfa, chilichonse cholembedwa, ndipo pomwe simukudziwa lembani kuti sindikudziwa kusiyana nkulota, chifukwa kulota kumawasocheretsa.

Chimene sindidzaiwala ndi mmene anajambulira banja lathu papepala ine ndikuona. Akazi timabwalo, amuna timabokosi, amene anadwala khansa kumudetsa, amene anamwalira kumudula ndi kamzere. Atamaliza anatembenuza pepala lija kuti liyang'ane kwa ine ndipo sindinafunenso wondiuza, madontho akuda atatu onse anali mbali imodzi, azakhali, abambo, asisi, kutsika ngati masitepe. Ndinalira pomwepo. Sanandifulumizitse, anangosuntha bokosi la tishu nkudikira, ndipo apointimenti ya ola limodzi inatha ola ndi theka osandionetsa nkhope yoti nthawi yatha.

Kafotokozedwe kawo ndinakakonda chifukwa samaopseza komanso samanyengerera. Anati mwa khansa 100 zilizonse ndi 5 mpaka 10 zokha zomwe zimachokera ku gene yolakwika yotengera kwa makolo, zina zonsezo zimangobwera ndi ukalamba ndi zina za m'moyo. Anatinso BRCA1 ndi BRCA2 si matenda, aliyense ali nazo, amuna ndi akazi omwe, makope awiri, imodzi ya kwa mayi ina ya kwa bambo, ndipo ntchito yake ndi kukonza DNA ikathyoka m'maselo. Vuto limakhala ukabadwa kope imodzi ili yolakwika kale, umatsala ndi imodzi yokha yogwira ntchito nde iyonso ikadzawonongeka mu selo ina palibenso wokonza. Kholo likakhala nayo mwana aliyense mpata wake ndi theka, 50 pa 100, ndipo mwana aliyense payekha, sikuti pa ana anayi awiri atenga awiri ayi, atha kutenga onse kapena osatenga olo mmodzi. Zoti imadumpha m'badwo anati si zoona, imangobisala mwa amuna kapena mwa amene sanadwale. Manambala anandilembera papepala kuti ndipite nawo. Mayi wa BRCA1 yolakwika mpata wa khansa ya bere pamoyo wake ndi 55 mpaka 72 pa 100, wa BRCA2 ndi 45 mpaka 69, pomwe m'maiko ngati America mayi wamba ndi 1 mwa 8. Ya timatumba ta mazira BRCA1 ndi 39 mpaka 44 pa 100, BRCA2 ndi 11 mpaka 17, mayi wamba ndi 1 pa 100 kapena kupitilira pang'ono. Ndinadabwa kumva kuti sayansi yake si yakale, BRCA1 inapezeka mu 1994 ndipo BRCA2 mu 1995, kutanthauza kuti nthawi yomwe agogo amakula panalibe amene akanatha kuwauza zimenezi.

Kenako nde anafika pa mfundo yomwe inandikwiyitsa tsiku limenelo koma lero ndikuithokoza kuposa zonse. Anati mayi, ine magazi anu nditha kutenga lero lomwe ngati mukufuna, ufulu ndi wanu, koma langizo langa ndi loti ayambe asisi anu. Ndinati asisi anakana, komanso iwo adwala kale zithandiza chani. Anandifunsa kuti tiyerekeze tayeza inu sitinapeze kanthu, mupita kunyumba mukuganiza kuti chani. Ndinati kuti ndapulumuka. Anapukusa mutu nkunena kuti apo pali mayankho awiri ndipo sitingadziwe loona ndi liti, mwina m'banja mwanu muli cholakwika ndipo inu simunachitenge, kapena muli cholakwika choti makina athu sakutha kuchiona, kapena chili mu gene yomwe sitinayeze kapena yomwe sayansi siinaidziwe, nde negative yotereyo siyikuchotsani pa chiopsezo, tidzakuonanibe ngati mayi wa banja la khansa. Koma tikayamba ndi amene anadwala nkupeza cholakwika chenichenicho, malo ake enieni mu gene, ndiye kuti ife tikudziwa chomwe tikusaka mwa inu, ndipo tikapanda kuchipeza negative yanuyo imakhala yeniyeni. Anawonjezera kuti kuyeza malo amodzi odziwika kumatchipa komanso kumafulumira kusiyana ndi kuwerenga ma gene ambirimbiri. Ndinatuluka osabayidwa, ndili wokhumudwa kuti ndadikira masabata 5 nkubwerera chimanjamanja, koma usiku ndikuganizira ndinaona kuti munthu wongofuna ndalama akanangonditenga magazi nkundilipiritsa.

Kukamba ndi asisi kunatenga masiku. Ndinawaonetsa pepala la timabwalo lija, anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pa abambo. Kenako anati iwe, nde akapeza andidula bere linalo ndi kundichotsa zonse ngati Angelina Jolie? Ndinati asisi sindikudziwa, tiyeni mukafunse nokha, simukabayidwa ngati simukufuna. Anavomera kupita kukangomva. Mlangizi uja funso limenelo analiyankha bwino kwambiri, anati Angelina Jolie, katswiri wa mafilimu wa ku America, analengeza mu 2013 kuti ali ndi BRCA1 yolakwika ndipo anasankha kuchotsa mawere onse, koma chinali chisankho chake pakati pa njira zingapo, ena amasankha kuyang'aniridwa pafupipafupi ndi sikani ya MRI kuyambira zaka 25 ndi mammogram, ekisire ya mawere, kuyambira zaka 30 chaka chilichonse, ena amamwa mankhwala ngati tamoxifen, ena opaleshoni yomwe imachepetsa chiopsezo cha bere ndi 90 pa 100 kapena kuposa. Pomwe ananena mosabisa ndi pa timatumba ta mazira, kuti kumeneko kulibe sikani yodalirika yogwira khansa msanga, nde amalangiza kuchotsa timatumbato ndi machubu ake munthu akamaliza kubereka, wa BRCA1 pakati pa zaka 35 ndi 40, wa BRCA2 pakati pa 40 ndi 45. Anawauzanso asisi kuti zotsatira zitha kuwathandiza iwo eni osati ife tokha, chifukwa pali mankhwala ngati olaparib omwe amagwira bwino pa khansa za anthu a BRCA yolakwika. Apo nde asisi anaongoka pampando, anali akuganiza kuti akungotichitira ife chifundo.

Chinanso chomwe anatiuza tisanasaine, chimene ine sichikanandifikira m'mutu, ndi nkhani ya inshulansi. Anati musanayezetse fufuzani malamulo a dziko lomwe mukukhala chifukwa amasiyana kwambiri. Ku America kuli lamulo la GINA la 2008 loletsa a inshulansi ya zaumoyo ndi olemba ntchito kukusala chifukwa cha ma gene, koma silikhudza inshulansi ya moyo. Ku Britain kuli mgwirizano woti makampani asamafunse zotsatira za mayeso olosera matenda kupatula a Huntington's, matenda a muubongo a kumtundu, pa inshulansi ya moyo yopitilira £500,000. Maiko ena alibe chitetezo chilichonse. Nde amene sanadwale ngati ine ndi bwino aganizire za inshulansi ya moyo asanayezetse osati zotsatira zitatuluka. Fomu yovomereza anaiwerenga nafe mzere ndi mzere, magazi otsala akawataya kapena akawasunga, tikulola kuti agwiritsidwe ntchito pa kafukufuku kapena ayi, zotsatira zipite kwa ndani, ndipo ngati munthu wamwalira zisanatuluke auzidwe ndani. Ananenanso mwaulemu kuti mayeso a abale pena amatha kuonetsa kuti ubale wa magazi suli mmene anthu amaganizira, ndipo amanena zimenezi kwa banja lililonse. Ine ndinapita ndi mafunso olemba mu foni ndipo ndikulangiza aliyense kutero chifukwa ukakhala pampando paja mutu umaima. Ndinafunsa kuti ayeza ma gene angati ndipo chifukwa chani amenewo, labu yake ndi yovomerezeka ndi ndani, ndalama yonse ikuphatikiza uphungu wa pambuyo kapena umenewo ndi wapadera, zotsatira tizimva bwanji. Funso lomalizali anayankha kuti adzatiitana, ndipo apa ndi pomwe anadzatilakwira.

Tsiku lotenga magazi palibe chovuta. Safuna kuti usale kudya, nesi anatenga kabotolo kamodzi ka chivindikiro chapepo basi. Kuli njira ya malovu kwa oopa jakisoni koma imeneyo sudya, sumwa, susuta kapena kutafuna chingamu kwa mphindi 30 usanalavule, ndipo anati pena malovu amakanika ku labu nkubwerezanso. A kiliniki anawafunsa asisi ngati anaikidwapo magazi posachedwa, ngati anadwalapo khansa ya m'magazi kapena kuikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina, chifukwa zikatero DNA ya m'magazi imatha kusocheretsa, pena kukhala ya wopereka uja, nde amachita kutenga kachikopa. Iwo anawayeza gulu la ma gene, BRCA1, BRCA2, PALB2, CHEK2, ATM, TP53, PTEN, CDH1 ndi ena. Anatikonzekeretsa kuti mayankho alipo atatu osati awiri, kupeza cholakwika chodziwika kuti chimayambitsa khansa, kusapeza kanthu, kapena kupeza kusiyana kwina koti asayansi sanadziwe ngati nkoopsa kapena ayi, komwe amati VUS.

Tsopano nyenyezi yomwe ndawachotsera. Anati zotsatira za asisi zitenga masabata 3, zinatenga masabata 6, ndipo pakati ponsepo palibe anaimba kuti pepani zachedwa, ine ndi amene ndimaimba ndipo pa resepishoni amangoti sizinabwere. Kuchedwako ndikanakhululuka, ma labu amachedwa. Koma Lachisanu madzulo cha m'ma 6 asisi analandira meseji yoti lipoti lanu laikidwa pa akaunti yanu, anatsegula ali okha kuchipinda, nkuona mawu oti pathogenic, kutanthauza cholakwika choyambitsa matenda, pafupi ndi BRCA2 ndi mzere wina wa ATM wolembedwa za uncertain significance, yomwe ndi VUS ija, kiliniki itatseka mpaka Lolemba. Anandiimbira mawu akunjenjemera akuti iwe ndili ndi ziwiri, ndatha ine. Loweruka ndi Lamlungu lonse anakhala pa Google kuwerenga zinthu zoopsa zokhazokha osagona. Munthu amene wangomaliza chemo samayenera kumva nkhani yotere kudzera pa meseji ya kompyuta, makamaka atalonjezedwa kuti adzaitanidwa. Lolemba mlangizi uja anaimba yekha m'mawa, anapepesa osazemba, anati makina a labu amatulutsa okha lipoti ndipo anaiwala kutseka, anatipezera malo tsiku lomwelo. Kupepesako ndinakulandira koma masiku awiri aja sabwerera. Nde inu funsani mwachindunji ngati lipoti limafika pa foni mlangizi asanalione, ndipo ngati ndi choncho auzeni atseke kapena musatsegule muli nokha.

Za ATM ija anatimasula bwino. Anati VUS siziwerengedwa ngati cholakwika, sachita opaleshoni chifukwa cha iyo, sayezanso abale chifukwa cha iyo, ndipo zambiri zikadzafufuzidwa bwino zimapezeka kuti zilibe vuto. Anatiuzanso chinthu chomwe chinandikhudza, kuti anthu a makolo a ku Africa timapezeka ndi ma VUS kawirikawiri kuposa azungu, osati chifukwa ma gene athu ndi oipa koma chifukwa nkhokwe zomwe ma labu amafananitsira zinadzaza ndi DNA ya anthu a ku Ulaya, nde kusiyana kwathu kwachibadwa makina amakuona ngati kwachilendo. Anati tiziimba pakapita chaka kapena ziwiri kufunsa ngati yasinthidwa gulu, komanso tikasintha nambala tiwadziwitse. Koma BRCA2 ija inali yeniyeni. Asisi ali ndi zaka 43 pano ndipo akukambirana ndi dokotala wawo za kuchotsa timatumba ta mazira, za bere linalo sanasankhebe ndipo palibe akuwakakamiza.

Ine ndinayezedwa sabata yotsatira, malo amodzi okha aja. Ulendo uno ndinanenetsa kuti sindikufuna meseji, ndidzabwera ndekha, ndipo anasunga pangano, masabata awiri okha anandiitana. Asanandibaye mlangizi anandifunsa funso lomwe ndikuona kuti aliyense azidzifunsa ali kunyumba, kuti zikatuluka kuti muli nayo muuza ndani poyamba ndipo mwakonzeka kuchita chani, zikatuluka kuti mulibe mumva bwanji. Funso lachiwirilo ndinaliona ngati lopanda pake, ndani sangasangalale. Anati dikirani muone, ambiri amadabwa.

Ndinapita ndi amuna anga. Sanazungulire, titangokhala anati mayi cholakwika cha asisi anu mwa inu mulibe. Amuna anga anapuma mokweza, ine chimene chinabwera m'mutu ndi nkhope ya asisi ali opanda tsitsi. Tinabadwa mimba imodzi, bambo mmodzi, iwo anatenga ine sindinatenge, ndipo palibe chomwe ndinachita kuti zikhale choncho. Ndinatha masiku awiri ndisanawaimbire, ndimachita manyazi ngati ndawabera kanthu. Nditaimba analira ndi chisangalalo nkunena kuti bola mwana wako wapulumuka, ndipo ndi pomwe ndinazindikira bwinobwino, chomwe ndilibe sindingapatsire mwana, nde mwana wanga safunika kuyezedwa za gene imeneyi mpang'ono pomwe. Negative yanga ili ndi tanthauzo chifukwa asisi anayamba ndiwo. Ndikanaumirira tsiku loyamba lija bwenzi ndili ndi pepala lomwelo la negative koma nkhawa ili pomwepo. Anandikumbutsa kuti sindinasanduke munthu woti sangadwale khansa, ndabwerera pa chiopsezo cha mayi wina aliyense, nde kudziyeza mawere ndi mammogram pa msinkhu wake ndizichitabe.

Mnzanga wina atamva nkhaniyi anati bwanji osangoitanitsa ka kit ka malovu pa intaneti kusiyana ndi kuvutika ndi ma apointimenti. Ndinamuuza zomwe ndinaphunzira, kuti ena mwa ma kit amenewo pomwe amayamba kuloledwa mu 2018 amayang'ana zolakwika 3 zokha zomwe zimapezeka kwambiri mwa Ayuda achi Ashkenazi, pomwe zolakwika zodziwika mu BRCA ndi zopitilira 1000, nde munthu ngati ine utha kulandira yankho loti palibe kanthu chikhalirecho sanayang'ane nkomwe pomwe pali vuto la banja lako. Komanso kit singakufunse za azakhali.

Chomaliza chomwe anatichitira, ndipo ichi ndiwayamikire, ndi kalata ya abale. Analemba tsamba limodzi m'mawu osavuta lofotokoza kuti m'banja mwapezeka cholakwika mu BRCA2, dzina lake lenileni la cholakwikacho kuti labu iliyonse idziwe posaka, ndi chomwe wolandira angachite, osatchula amene anayezedwa pokhapokha asisi atalola. Iwo saimbira abale anu, ntchito imeneyo ndi yanu, koma kalatayo imapeputsa chifukwa sukhalira kufotokoza sayansi pa foni. Ana a asisi anati adikire afike zaka 18 adzasankhe okha, poti khansa zimenezi sizigwira ana ndipo palibe chomwe chingachitike pano. Msuweni uja wa envulopu tinamutumizira, wayamba kale kufunsa. Amene anavuta ndi mchimwene wathu wamng'ono, zaka 34, poyamba anati izi ndi za akazi musandilowetsemo. Ndinamuwerengera zomwe zili mu kalata, kuti mwamuna wa BRCA2 yolakwika khansa ya bere imatha kufika 7 pa 100 pomwe mwamuna wamba ndi pafupifupi 1 pa 1000, kuti ya prostate imabwera msanga komanso yolusa nde amayamba kuyeza PSA, mayeso a magazi oonera prostate, pa zaka 40, kuti ya pancreas nayo imakwera, ndipo ndinamukumbutsa mmene abambo anavutikira ndi mafupa. Sanayankhe. Ali ndi ana aakazi awiri, wamkulu ali ndi zaka 6. Patatha sabata ananditumizira meseji usiku kufunsa nambala ya kiliniki ndi kuti kodi ndingamuperekeze. Amupatsa tsiku mwezi wamawa, ndamuuza kale kuti akanene zoti lipoti lisabwere pa foni, ndipo fomu ya masamba 4 ija sakavutika nayo chifukwa pepala la timabwalo ndi timabokosi ndinalisunga.